Msana suwawa wokha

Tinazolowera kutsutsana pano za kalembedwe, ngati kachipewa ka pa ŵ kabwerere kapena kagone komwe kanagona, ngati mawu akuti ndi a Chichewa chenicheni kapena ndi obwereka. Mitsutso imeneyo ndimaikonda, ndipo maphunziro anga a zachiyankhulo anandizoloweretsa kuilemekeza. Koma lero mundilole ndibweretse chiganizo chimodzi chimene ndinachimasulira ndekha ku Mooinooi. Ndinachimasulira molondola, popanda kuchotsa kapena kuwonjezera kanthu, ndipo kulondola kwangako kunam'manitsa munthu thandizo.

Kwa amene simunafikeko, Mooinooi ndi katawuni kakang'ono m'chigawo cha North West, m'mbali mwa msewu wa N4, pakati pa Brits ndi Rustenburg. Dzinalo ndi la Chiafrikaans ndipo limatanthauza mtsikana wokongola. Kumwera kwake kuli mapiri a Magaliesberg, ndipo mukatembenukira kumpoto mumaona milu ya dothi lotuwa lochokera m'migodi ya chrome ndi pulatinamu. Marikana ali pafupi pomwepo. Pansi pa nthaka imeneyi pali mizere iwiri yotchuka ya miyala, wa Merensky, umene unadziwika mu 1924, ndi wa UG2. Chifukwa cha miyala imeneyi dziko la South Africa limakumba pafupifupi magawo 70 mwa magawo 100 alionse a pulatinamu wa padziko lonse.

Kumeneko kumakhala amalume anga, mlongo wawo wa mayi anga, amene agwira zaka zambiri ntchito yobowola miyala pansi pa mgodi, pansi pa kontrakitala wina. Zaka 50 sanakwanitse. Nditawayendera nyengo yozizira, anandipempha kuti ndiwaperekeze kukiliniki ndikawamasulire, pakuti Chingerezi chawo n'chochepa ndipo Fanakalo imene amalankhula kuntchito siwakwanira kufotokoza za m'thupi. Namwino anafunsa mwaulemu ngati anachitapo ngozi kuntchito. Amalume anandiyang'ana n'kunena kuti, "Uwauze kuti ngozi sindinachitepo, mwanawe. Msanawu ukungondiwawa, ndipo manjawa ndi nyamakazi. Ndi kukula basi." Ine ndinanena zomwezo m'Chingerezi. Anawapatsa mapiritsi opha ululu ndi mafuta opaka, tinathokoza, tinatuluka. Pa khadi lawo sipanalembedwe liwu lililonse lokhudza ntchito.

M'minibasi pobwerera, ndinawaona akulephera kutola ndalama zachitsulo m'dzanja lawo lomwe. Zala zinkaterera pamwamba pa ndalamazo ngati za munthu wovala magolovesi. Nditafunsa, anandiuza kuti dzanzi limeneli lakhala nawo zaka, kuti m'mamawa wa June ndi July nsonga za zala zimatuwa n'kuzizira ngati zafa, ndipo magazi akamabwerera zimawawa ngati zapsa ndi moto. Mabatani a malaya amawamangira ndi azakhali. Zonsezi kukiliniki sanazinene, chifukwa palibe anawafunsa, ndipo ine womasulira sindinafunsenso.

Kuti mumvetse chimene chawadya manja, muganizire malo amene amagwiriramo ntchito. Mzere wa mwala wokhala ndi pulatinamu ndi wopyapyala, motero m'migodi yambiri malo okumbawo amangotalika pafupifupi mita imodzi kapena kupitirira pang'ono kuchoka pansi kufika kudenga. Munthu saimirira. Amakwawa, amagwada kapena kunjuta, akukoka makina obowolera olemera makilogalamu oposa 20, amene amalume amangowatcha mshini. Akawayatsa amawakankhira kumwala kwa maola, madzi akumuthovukira, phokoso likumugonthetsa, ndipo kunjenjemera kwa chitsulocho kumadutsa m'zala, m'zigongono mpaka m'mapewa. Kunjenjemera kotereku kukapitirira zaka kumawononga timitsempha ta magazi ndi minyewa ya m'zala, ndipo ndiko kumabweretsa dzanzi ndi kutuwa kuja. Kunyamula zolemera munthu atawerama kapena atapotoka kumafinya tinyama tofewa tokhala pakati pa mafupa a msana. Kugwada pamiyala tsiku ndi tsiku kumaperesa mawondo. Madokotala a matenda a pantchito zonsezi amazidziwa ndipo anazipatsa mayina.

Obowola miyala amenewa ndi amene anali patsogolo pa sitalaka ya pa mgodi wa Lonmin mu 2012, pamene ankafuna malipiro a R12,500 pamwezi, ndipo pa 16 August apolisi anawombera n'kupha anthu 34 ku Marikana. Tsiku limenelo dziko lonse limalikumbukira, ndipo n'koyenera kutero. Imfa ya tsiku limodzi imakhala ndi deti, mayina ndi komiti yofufuza, monga ija ya Farlam imene lipoti lake linatuluka mu 2015. Koma kutha kwa manja ndi misana ya obowola anzawo amene anabwerera pansi pa mgodi sitalaka itatha kulibe deti, ndipo m'chiyankhulo chathu ndikuona kuti kulibenso dzina lokhazikika. Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife a m'bwalo lino.

Tiyambe ndi liwu lakuti ngozi. Kwa ife ngozi ndi chinthu chogwa mwadzidzidzi: galimoto yagubuduka, mwala wagwa kudenga, chala chadulidwa ndi makina. Imakhala ndi tsiku lake, mboni zake, ndipo kawirikawiri magazi. Amalume sananame ponena kuti ngozi sanachitepo. Chowavulaza chinabwera pang'onopang'ono ngati chiswe m'nsichi ya nyumba, ndipo liwu lakuti ngozi silifika kumeneko. Zimene ngozi yasiya timaziponya m'madengu atatu. Loyamba ndi kutopa, kumene timayembekeza kuti kutha munthu akagona. Lachiwiri ndi nyamakazi, dengu lalikulu limene limalandira kuwawa kulikonse kwa mfundo ndi mafupa popanda kufunsa kumene kwachokera. Lachitatu ndi kukula kapena ukalamba, umene palibe angauimbe mlandu. Madengu onse atatuwa amafanana pa chinthu chimodzi, chakuti mwa iwo mulibe malo oikamo bwana, chida kapena kagwiridwe ka ntchito.

Tsopano tiyang'ane chiganizo chenichenicho. Tikati "msana ukundiwawa", mwininkhani ndi msana, ndipo ine ndine pamtherankhani. Thupi langa lomwe ndilo likundichita chipongwe. Abale athu a ku Lusaka amati "msana unibaba", ndipo kamangidwe ndi komweko. Komatu chiyankhulo chathu chili ndi njira ina, ndipo timaigwiritsa ntchito tsiku lililonse pakhomo. Mayi akaweruka kumunda amati "khasu landithyola msana". Mnyamata akatula thumba la chimanga amati "katunduyu wandipweteka khosi". M'ziganizo izi wolakwa watchulidwa poyera. Tilinso ndi aneni oyenda awiriawiri: kuvulala ndi kuvulaza, kudwala ndi kudwalitsa, kutopa ndi kutopetsa. Woyamba amalola kuti nkhani ithe popanda wochititsa, pamene wachiwiri amakukakamiza kunena amene wachititsa. Chodabwitsa n'chakuti chiganizo chotchula wochititsa timachinena kudambwe ndi pamoto madzulo, koma tikafika pamaso pa namwino kapena kapitawo, pamene chikanatithandiza, timathawira ku chija chopanda mwini mlandu.

Sindikunena kuti malamulo a chiyankhulo ndiwo amatimanga maganizo. Azungu nawonso m'chiyankhulo chawo amati msana ukuwawa, ndipo migodi yawo inapundula anthu ochuluka. Chimene chimatisankhitsa chiganizo chofooka ndi ulemu, mantha ndi kaleredwe. Tinaleredwa kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Mwambi umenewu timaunena monyadira, pomwe ukuvomereza poyera kuti munthu ang'ambike ngati nsalu. Mwamuna akadandaula za msana pakati pa anzake, amayamba kumuseka ndi kumufunsa ngati kunyumba zinthu zikuyenda, ndiye amasankha kukhala chete. Amayi nawo amauzidwa kuti kupirira ndiwo ukulu. Mlendo m'dziko la eni amawonjezera mantha ake pamwamba pa zonsezi.

Kukhala chete kumeneku tinakutengera kwa makolo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa, ambiri atapita kudzera ku Wenela. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Kulembako kunayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, ija timaitcha Theba, mpaka kunatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Ambiri a ife tinakula tikuwaona agogo amenewa m'midzi. Anabwera ndi masutikesi, njinga ndi wailesi, ndipo anabweranso ndi chifuwa chosatha ndi misana yopindika. Chifuwacho chinali ndi dzina la kuchipatala, silicosis, chinkaoneka pa chithunzi cha m'mapapo, ndipo chinali ndi lamulo lakelake la chipukuta misozi, la mu 1973. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni wolipira amene anadwala silicosis ndi TB m'migodi ya golide, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo, kuphatikizapo kwa a mayiko oyandikana. Ambiri akudikirabe, ena anamwalira akudikira, koma mlandu unazengeka chifukwa nthendayo inali ndi dzina. Msana wa agogo aja tinautcha ukalamba, ndipo nkhani yake inathera pamkeka.

Akatswiri ali ndi liwu la nzeru yopewera kuvulala kotereku. Amati ergonomics, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki, ergon, ntchito, ndi nomos, lamulo. Mfundo yake ndi yakuti ntchito, chida ndi malo zikonzedwe molingana ndi thupi la wogwira ntchitoyo, m'malo moti thupi lizipindidwa kuti likwane m'ntchito. Kale kwambiri liwuli lisanabadwe, mu 1700, dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba buku la matenda a anthu a ntchito zosiyanasiyana, ndipo analangiza madokotala anzake kuti pa mafunso onse ofunsa wodwala awonjezerepo limodzi, lofunsa ntchito imene munthuyo amagwira. Patha zaka zoposa 300, ndipo funso limenelo ndi limene linasowa tsiku lija ku Mooinooi. Vutoli si la m'migodi mokha ayi. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 1.71 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda a mafupa, mfundo ndi minofu, ndipo kuwawa kwa msana ndiko kumatsogolera pa zinthu zopundula anthu.

Ena m'bwalo lino afulumira kunena kuti tipeke liwu latsopano la ergonomics. Ine ndikuti tisathamangire kupeka, chifukwa nzeruyo tinali nayo kale ngakhale sitinaipatse dzina limodzi. Wosema mipini kumudzi saperekera aliyense mpini wofanana. Amayang'ana msinkhu wa mwini khasu, ndipo mwana amamusemera kampini kake. Mayi asanasenze mtsuko amayamba wapinda nkhata, kuti kulemera kufalikire pamutu ponse, ndipo amaitana mnzake kuti amusenzetse ndi kumutula. Taonani aneni amenewa, kusenzetsa ndi kutula: chiyankhulo chenichenicho chimadziwa kuti katundu wolemera sakwezedwa ndi munthu mmodzi. Atsikana pamtondo amasinja molandizana, ndipo wina akatopa mnzake amalandira munsi. Zonsezi ndi kulinganiza ntchito ndi thupi, ndipo mawu amenewa ndi amene ine ndingakonde kuti tiziwagwiritsa ntchito. Munthu amene amadziwa chifukwa chake nkhata ilipo sangavutike kumvetsa chifukwa chake mpando wa telala uyenera kulingana ndi makina ake, chifukwa chake thumba la simenti la makilogalamu 50 liyenera wilibala kapena anthu awiri, ndi chifukwa chake wogwira mshini ayenera kusinthana ndi mnzake.

Malamulo a dziko lino nawo salankhula za ngozi zokha. Lamulo la Mine Health and Safety Act la mu 1996 limalamula eni migodi kufufuza zinthu zoika thanzi la antchito pachiswe, kuzichotsa kapena kuzichepetsa, ndi kuyeza antchito awo kuchipatala nthawi ndi nthawi. Gawo 23 la lamulo lomweli limapatsa wantchito ufulu wochoka pamalo pamene akuona kuti pali choopsa chachikulu pa moyo kapena thanzi lake. Kwa ogwira ntchito kunja kwa migodi, boma linatulutsa Ergonomics Regulations mu December 2019. Lamulo la chipukuta misozi la mu 1993, lija amati COIDA, limakhudzanso matenda obwera chifukwa cha ntchito, ndipo mu November 2020 khoti la Constitutional Court, pa mlandu wa Mahlangu, linagamula kuti ogwira ntchito za m'nyumba nawonso atetezedwe ndi lamuloli. Chigamulo chimenechi n'chachikulu kwa ife, pakuti abale athu ambiri kuno ali m'makhitchini ndi m'magadeni a anthu, ena m'minda ya malalanje, ena pa zomangamanga ndi potsuka magalimoto. Kwathu ku Malawi kulinso Occupational Safety, Health and Welfare Act ya mu 1997 ndi Workers' Compensation Act ya mu 2000. Koma malamulo onsewa amayamba kuyenda pokhapokha wina atalemba papepala kuti vutoli likukhudzana ndi ntchito, ndipo wolembayo amalemba zimene wamva.

Ndikudziwa zimene ena mungandiyankhe, ndipo zina mwa izo n'zoona. Mudzati mawu sakweza denga la mgodi. Inde, sakweza. Udindo wogula zida zosanjenjemera kwambiri, wokonza makina nthawi yake, wosinthanitsa anthu pa ntchito zolemetsa ndi wochotsa mabonasi othamangitsa anthu mpaka kuiwala matupi awo uli pa olemba ntchito ndi boma, ndipo sindikufuna kuti wina atenge nkhani yangayi n'kumati wovulala ndiye wolakwa chifukwa sanalankhule bwino. Mudzatinso amalume anakhala chete mwadala, ndipo apa mwalasa. Wogwira ntchito pansi pa mgodi amafunika chikalata cha dokotala chonena kuti thupi lake lili bwino, ndipo amadziwa kuti akaulula za dzanzi angamuchotse pa mshini, malipiro n'kutsika, mwinanso ntchito n'kutha. Kumudzi kuli ana a sukulu ndi feteleza woyembekeza ndalama yomweyo. Wopanda mapepala mantha ake ndi oposa pamenepa. Munthu wotere sindingamuuze kuti angolankhula basi ngati kuti palibe chimene angataye.

Komabe tiyeze mbali zonse ziwiri. Dzanzi la m'zala likadziwika msanga, munthu n'kuchotsedwa pa chida chonjenjemera, vutolo likhoza kuima pomwepo. Likapitirira, minyewa imawonongekeratu ndipo sibwereranso. Ntchito imene munthu akuiteteza pobisa ululu idzathabe tsiku limene manja adzalephera kugwira mshini, ndipo tsiku limenelo adzachoka wopanda pepala lililonse losonyeza kuti vutolo linayambira kuntchito. Adzakwera basi ya ku Park Station, adzadutsa Beitbridge ndi Mwanza, ndipo kumudzi tidzamulandira ndi mawu omwe aja, akuti abambo abwera ndi nyamakazi. Katundu amene kampani ikanasenza adzasenzedwa ndi mkazi wake ndi ana ake. Ngati munthu asankha kukhala chete, asankhe akudziwa mtengo wake, ndipo kudziwa kumeneko kumufike m'chiyankhulo chimene amalota nacho.

Apa ndiye pali ntchito yathu, ife okonda chiyankhulo. Mawu ofotokoza ululu tili nawo ambiri kuposa amene timapita nawo kuchipatala. Pali kuwawa, kupweteka, kulasa, kubaya, kutentha, kunyerenyetsa, dzanzi, kuuma kwa khosi, kukokana kwa minofu, kubinya, kuphwanya m'thupi. Kwa dokotala mawu amenewa sali chimodzimodzi, chifukwa ululu wolasa kuchoka m'chiuno kutsikira kumwendo umamulozera ku mnyewa wopanikizika, pamene kuphwanya kwa thupi lonse kumamulozera kwina. Womasulira akawaphatikiza onse m'liwu limodzi la Chingerezi, monga ndinachitira ine, amataya umboni. Ndikupempha kuti tiwasonkhanitse mawu amenewa, aliyense atiuze mmene amanenera kwawo, ku Dedza, ku Katete, ku Ulónguè, ku Likoma, ndi mmene ana athu obadwira ku Harare amanenera. Tikatero tilembe tsamba limodzi lokha, losavuta kutumizirana pa WhatsApp, lokhala ndi mawuwo, matanthauzo ake m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi, ndi ziganizo zochepa zimene munthu angapite nazo kukiliniki: ntchito yanga ndi yakuti, ndaigwira zaka zakuti, ululu umakula ndikagwira chakuti ndipo umachepa ndikakhala patchuthi, chonde lembani zimenezi pa khadi langa. Tiwonjezerepo langizo lakuti munthu azisunga mapepala ake onse a kuchipatala ndi a malipiro, ndiponso kuti asachedwe, popeza madandaulo a chipukuta misozi ali ndi malire a nthawi.

Ndipo inu amene mumaperekeza abale kuchipatala monga ndinachitira ine, musadzitenge ngati paipi yongodutsitsa mawu. Wodwala akati ndi nyamakazi, mufunseni pomwepo kuti ikumugwira pati, motani, nanga akamagwira ntchito yanji. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pamene chitsekocho chili m'chiyankhulo cha eni, wodziwa chiyankhulocho ayenera kumugwirira chogwirira.

Ndisanachoke ku Mooinooi tinabwererako kukiliniki kuja. Usiku wake tinakambirana nthawi yaitali, azakhali ali pomwepo, ndipo amene anawagonjetsa amalume ndi azakhali, powafunsa kuti adzawamangira mabatani mpaka liti. Kwa namwino ananena okha, ine n'kumasulira: "Mshini wandipha manja. Ndaugwira zaka zambiri, ndipo zala zimafa kukazizira." Namwinoyo analemba, anafunsa mafunso ena angapo, n'kuwapatsa kalata yoti akaonane ndi dokotala woyeza minyewa. Pamene ndikulemba pano zotsatira sizinatuluke, ndipo amalume akuopabe za ntchito yawo. Ndikamva ndidzakuuzani. Pakadali pano ndikudikira mawu anu, makamaka a inu a ku Mozambique ndi ku Zambia, pa liwu lakuti dzanzi: kodi kwanuko mumatero, kapena muli ndi lina?